Kudwala kwa eni: asilikali a KAR m'zipatala za nkhondo ya ku Burma

Kwathu kuno munthu sadwala yekha. Akagonekedwa m'chipatala pamapezeka womudwazika, kaya ndi mayi ake, mlongo wake kapena mkazi wake, amene amayala chitenje pansi pafupi ndi bedi, kuphika phala kukhitchini ya magadiyani, kuchapa zovala ndi kuthamangira anamwino usiku zinthu zikathina. Nthawi yozonda odwala ikakwana khomo la wodi limachepa: achibale, a kumpingo, anansi, aliyense ndi kambale kovindikira m'manja. Mankhwala ndi a dokotala, koma wodwalayo ndi wa abale ake.

Ndayambira pamenepa chifukwa tikaiwala zimenezi sitingamvetse zimene adakumana nazo anyamata a ku Nyasaland amene adagonekedwa m'zipatala za asilikali ku Ceylon, ku India ndi ku Burma, dziko limene lero timati Myanmar, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Tikamakamba za nkhondoyi timakonda kutchula mfuti, mamendulo ndi mayina a malo amene adalandidwa. Komatu ochuluka zedi sadagwetsedwe ndi chipolopolo. Adagwetsedwa ndi udzudzu, madzi oipa ndi tinthata ta m'udzu, ndipo masabata kapena miyezi yathunthu ya usilikali wawo idathera pabedi, maso ali kudenga la tenti, popanda wa magazi awo wowatembenuza kapena kuwamwetsa madzi.

Amuna oposa 25,000 a ku Nyasaland adavala yunifolomu pa nkhondoyi, ambiri m'gulu la King's African Rifles, lodziwika kuti KAR, limene kuno linkakhazikika ku Zomba. Adayamba kumenyana ndi Ataliyana ku Somaliland ndi ku Abyssinia, dziko limene lero timati Ethiopia, ndipo ena adakafika ku Madagascar mu 1942. Ya ku Abyssinia itatha kumapeto kwa 1941, ambiri ankayesa kuti ntchito yatha, abwerera kumudzi. M'malo mwake kudamveka zowaolotsa nyanja kuti akakumane ndi Ajapani. Kumayambiriro kwa 1942 asilikali a 25th East African Brigade adakana kukwera sitima padoko la Massawa ku Eritrea, nati ayambe apita kutchuthi kukaona kwawo. Choncho kupukwa sikudayambire m'chipatala ayi. Anthu adakunyamula m'chikwama kuchokera kuno.

Sitima zidanyamukabe. Ena adafika ku Ceylon, kumene tsopano ndi ku Sri Lanka, mu 1942, ambiri mu 1943, ndipo adakhala mbali ya 11th East African Division pamodzi ndi anzawo a ku Kenya, Uganda, Tanganyika ndi Northern Rhodesia. Ulendo wa panyanjawo unali woopsa pawokha. Pa 12 Febuluwale 1944 sitima ya Khedive Ismail, yochokera ku Mombasa kupita ku Colombo, idaphulitsidwa ndi sitima ya pansi pamadzi ya Ajapani pafupi ndi zilumba za Maldives, nkumira m'mphindi zochepa. Anthu 1,297 adafa, ambiri a iwo asilikali a ku East Africa a gulu la mizinga. M'sitimamo munalinso anamwino oposa 50 amene ankapita kukagwira ntchito m'zipatala za nkhondo, ndipo adapulumuka ndi ochepa kwambiri.

Ajapani atagonja ku Imphal ndi ku Kohima, kumpoto chakum'mawa kwa India, pakati pa 1944, asilikali a ku East Africa adapatsidwa ntchito yowathamangitsa kudzera m'chigwa cha Kabaw ku Burma mpaka kumtsinje wa Chindwin. Adalowamo mu Ogasiti, mvula ya kumeneko ili pachimake, ndipo adafika ku Kalewa, m'mbali mwa mtsinjewo, kumayambiriro kwa Disembala. Asilikali ankachitchula chigwa cha imfa. Misewu idasanduka phala, chakudya chinkaponyedwa kuchokera m'ndege, zovala sizinkauma. Chimodzi mwa zifukwa zimene adasankhira Aafirika chinali chikhulupiriro chakuti malungo sawagwira kwambiri. Pamenepa panali kachoonadi pang'ono: munthu wokulira kodzaza udzudzu thupi lake limazolowerako, ndiponso Aafirika ambiri sagwidwa kawirikawiri ndi mtundu wina wa malungo wofala ku Asia. Koma kamwazi sasankha khungu. Zilonda za m'miyendo sizisankha khungu. Ndipo m'chigwamo munali matenda ena amene anyamata athu anali asadawamvepo, otchedwa scrub typhus.

Matenda amenewa ndiyenera kuwafotokoza bwino, chifukwa ndiwo akuonetsa poyera mfundo yanga. Amabwera ndi tinthata tating'ono kwambiri tokhala m'maudzu ndi m'matchire. Msilikali akakhala kapena kugona pansi, kanthata kamamuluma iye osamva. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri thupi limatentha, mutu umawawa ngati ukung'ambika, pamene padalumidwapo pamachita kachilonda kakuda ngati wazimitsirapo fodya. Kutentha kumapitirira kwa masabata awiri, munthu nkuyamba kubwebweta, mtima ndi mapapo nkufooka. Mu 1944 kunalibe mankhwala ake. Penisilini, amene anali atangoyamba kufika m'zipatala za nkhondo ndipo ankachita zodabwitsa pa mabala, apa ankalephera. Mankhwala ogwira ntchito, chloramphenicol, adayesedwa ku Malaya mu 1948, nkhondo itatha kale. Chimene chinkasiyanitsa wochira ndi womwalira chinali chisamaliro basi: kumugoneka osamusuntha, kumupukuta thupi, kumumwetsa, kumudyetsa pang'onopang'ono, kukhala naye usiku. Mwachidule, kudwazika. Ntchito imene kumudzi akadaigwira amayi ake, apa idagwera anamwino ochepa ndi asilikali othandiza m'wodi, aliyense ali ndi mabedi ambirimbiri.

Njira ya wodwala kapena wovulala inali ndi masiteji. Ankayamba kuonedwa ndi dokotala wa bataliyoni yake, kufupi ndi kumene mfuti zikulira. Akalephereka pamenepo ankanyamulidwa pamachira, pa jipi kapena pa bulu kupita kumalo omangira mabala, kuchoka apo kupita kuchipatala cha matenti kumene kunkachitika maopaleshoni, kenako kuzipatala zazikulu za kumbuyo monga ku Imphal ndi ku Comilla. Ku Burma ndege zidathandiza kwambiri: tindege tating'ono tinkatera m'tizigawo tolambulidwa m'nkhalango, ndege zazikulu za Dakota nkumalizitsa ulendo. Miyoyo yambiri idapulumuka motero. Koma onani zimene zinkachitikira munthuyo pa siteji iliyonse. Ankasiya mfuti yake, ankasiya sajeni wodziwa khalidwe lake, ankasiya mnzake wa mudzi woyandikana amene adalembetsa naye usilikali tsiku limodzi paboma. Pofika kuchipatala chachikulu anali atasanduka nambala yolembedwa pa kachikwangwani komangirira pa malaya.

Kwa msilikali amene watha zaka kutali, bataliyoni ndiye mudzi wake wachiwiri. M'mabataliyoni a ku Nyasaland ndi a Northern Rhodesia Regiment chilankhulo cha ntchito chinali Chinyanja, ndipo ngakhale mabwana achizungu ankayenera kuchiphunzira. Kunja kwa mabataliyoni amenewa, gulu lonse la ku East Africa linkayendera Chiswahili. Zipatala zazikulu nazo zinali zogawidwa potsata mtundu: Azungu kwaokha, Amwenye kwaokha, Aafirika kwaokha. Mnyamata wa ku Dedza ankatha kupezeka pakati pa Mkamba wa ku Kenya ndi Mcholi wa ku Uganda, dokotala akulankhula Chingerezi, wosesa m'wodi akulankhula chilankhulo cha ku India, womanga mabala akufunsa m'Chiswahili. Kuloza pamene pakupweteka ndi chala nkotheka. Koma unganene bwanji ndi manja kuti usiku walota malemu agogo ako akukuitana, ndipo mtima sukukhazikika?

Ndiye panali chakudya. Kumeneko chakudya cha tsiku ndi tsiku ndi mpunga ndi chapati. Aliyense amene adadwalapo akudziwa kuti pakamwa pakayamba kutseguka munthu safuna zachilendo. Amafuna phala la mgaiwa, nsima yofewa ndi therere, kapena thobwa. Akulu adati kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. M'chipatala cha nkhondo mbale inkabwera pa nthawi yake, yokwanira bwino, mwina kuposa zimene ankadya kumudzi chaka cha njala, koma siinali yophikidwa ndi munthu wokudziwa.

Kunena zoona, akuluakulu a nkhondo ya ku Burma adachita ntchito yaikulu pa zaumoyo, ndipo sibwino kuibisa. William Slim, amene ankatsogolera Fourteenth Army, gulu lalikulu la asilikali a mbali ya Britain pa nkhondoyo, adalemba pambuyo pake kuti mu 1943 pa munthu mmodzi aliyense wochotsedwa kunkhondo chifukwa cha bala, panali anthu 120 ochotsedwa chifukwa cha matenda, ndipo malungo okha ankagwira asilikali 84 pa 100 alionse pachaka. Adalamula kuti aliyense azimwa mapiritsi a mepacrine tsiku ndi tsiku pamaso pa mkulu wake. Mapiritsiwa ankachititsa khungu chikasu, ndipo kudafala mphekesera zoti amagwetsa mphamvu za abambo, kotero ambiri ankawalavula mobisa. Slim adayamba kuyeza magulu modzidzimutsa: gulu likapezeka kuti omwa mankhwala sakufika 95 pa 100, mkulu wake ankachotsedwa paudindo. Adachotsa atatu, ena onse nkumva. M'madera ena adapopera DDT. Pofika 1945 odwala anali atachepa kwambiri.

Chinthu china chimene adakhazikitsa ndicho chikukhudza nkhani yathu mwachindunji. Kale wodwala malungo ankatumizidwa kutali mkati mwa India, ndipo pankatha miyezi isanu asadabwerere kugulu lake. Slim adaika zipatala za malungo kufupi ndi kunkhondo, kuti munthu azichira nkubwerera m'masabata atatu. Kwa madokotala chinali chipambano, ndipo kwa wodwala zidachepetsa masiku osungulumwa pakati pa alendo. Koma cholinga chake chinali chosabisika: chipatala cha asilikali chilipo kuti chibweze munthu kunkhondo. Pamenepa ndi pamene chimasiyanirana ndi chipatala cha kumudzi kwathu. Ku Nkhoma kapena ku Malamulo dokotala akati mwachira, ndiye kuti mukupita kunyumba. M'chipatala cha nkhondo akati wachira, ndiye kuti tenga nsapato zako, galimoto yobwerera kunkhalango ili panja.

Njira yopita kumudzi inkatsegukira yekhayo amene thupi lake lawonongeka kotheratu. Bungwe la madokotala linkakhala pansi kumuyeza, ndipo likaona kuti sangagwirenso ntchito ya usilikali, ankayembekeza sitima yomuolotsa kupita ku Mombasa, kenako ulendo wina wautali mpaka kufika kuno. Taganizirani anthu awiri ogona moyandikana. Wina mwendo wadulidwa, akulira mwendo wake, koma akudziwa kuti adzaonanso phiri la kwawo. Winayo thupi lazizira, chilakolako cha chakudya chabwerera, anamwino akumuyamikira, koma iye akudziwa kumene kuchirako kukumutengera. Ndani mwa awiriwa ankasirira mnzake? Ine ndikuona kuti mfundo ya moyo wa m'wodi ya asilikali yagona pamenepa, ndipo siipezeka pa pepala lolendewera kumiyendo kwa bedi.

Chodabwitsa nchakuti kupukwa kudakhalapo matenda olembedwa m'mabuku a madokotala a ku Ulaya. Mu 1688 wophunzira zaudokotala ku Basel m'dziko la Switzerland, dzina lake Johannes Hofer, adalumikiza mawu awiri a Chigiriki, lina lotanthauza kubwerera kwanu, lina lotanthauza ululu, napanga liwu lakuti nostalgia. Ankafotokoza za anthu a ku Switzerland okhala kutali ndi kwawo, ndipo matendawa adadziwika makamaka pakati pa asilikali aganyu a dzikolo: kusowa tulo, kukana chakudya, kuwonda, kungokhala duu, mwina mpaka kufa. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, kuyambira 1861 mpaka 1865, madokotala a mbali ya kumpoto adalemba asilikali oposa 5,000 kuti akudwala nostalgia, ndipo ena adalembedwa kuti adafa nayo. Adaonanso kuti wopukwa akagwidwa ndi matenda ena, monga kutsegula m'mimba, sachira msanga. Pofika zaka za m'ma 1900 dzinali lidachoka m'ndandanda wa matenda, malo ake nkutengedwa ndi mayina ena a kusokonezeka kwa maganizo chifukwa cha nkhondo.

Kwa msilikali wachikuda panali chipupa china. Madokotala ambiri a nthawi ya atsamunda ankakhulupirira kuti Mwafirika sadwala matenda a kukhumudwa, ati chifukwa saganizira zakutsogolo kapena kudziimba mlandu. J. C. Carothers, amene ankayang'anira chipatala cha amisala cha Mathari ku Nairobi m'zaka zomwezo, adalemba maganizo oterewa, ndipo adafalitsidwa mpaka ndi bungwe la zaumoyo la dziko lonse mu 1953. Lero tikudziwa kuti ndi bodza. Koma dokotala wokhulupirira zimenezi akaona msilikali wakana chakudya, watembenukira kukhoma, sakuyankha, ankafuna chifukwa china: mwina ulesi, mwina mwano, mwina kunamizira kudwala. Ndipo tisaiwale kuti asilikali a Chiafirika ankaloledwabe kukwapulidwa ndi chikoti mpaka 1946, pamene kwa asilikali a ku Britain chilango chimenechi chidathetsedwa mu 1881. Munthu wodziwa zimenezi sangafulumire kuuza bwana kuti mtima wanga suli kuno.

Chichewa chili ndi liwu lake, ndipo ndi lakuthwa kuposa la Hofer. Kupukwa si kungokumbukira kwanu mokoma. Mwana wosiyidwa ndi mayi ake amapukwa: amasiya kusewera, amawonda, maso amalowa. Makolo athu ankadziwa kuti kumeneku ndi kudwala kwenikweni, ndipo mankhwala ake ndi anthu. Kunkhondo, mkati mwa kuguba ndi kukumba maenje, munthu analibe mpata wopukwa, kutopa kunkamugoneka. M'chipatala ndi mmene nthawi inkachuluka. Thupi likangoyamba kupeza bwino, maganizo ankanyamuka ulendo: kwathu tsopano akusosa, mvula yoyamba yagwa kapena ayi, denga lija ndani wafolera, mwana amene ndidamusiya ali kumsana pano akuyenda ndipo sandidziwa.

Mlatho wokhawo unali kalata. Ankhondo ankaphunzitsa asilikali kuwerenga ndi kulemba, ndipo amene adapitako kusukulu ya mishoni ankasanduka mlembi wa wodi yonse. Koma kalata inkadutsa kaye m'manja mwa bwana woyang'ana kuti musalembedwe zinsinsi za nkhondo, inkatenga nthawi yaitali panjira, ndipo inkalunjika kubataliyoni. Munthu akasamutsidwa kuchoka kuchipatala china kupita china, kalata yake inkamulondola m'mbuyo, mwina osamupeza. Kumudzi nako inkawerengedwa ndi mphunzitsi kapena mwana wa sukulu pamaso pa anthu, choncho zakukhosi sizinkalembedwa. Nkhani zodzaza m'makalata a asilikali a ku East Africa zinali ziwiri: ndalama ndi akazi. Gawo la malipiro linkatumizidwa kubanja kudzera kwa a DC, ndiye funso linali lakuti kodi zikufika, ndipo akulandira ndani, mkazi kapena malume? Linalo linali loluma kwambiri: kodi akundidikira? M'madera a chikamwini, kumene mwamuna amakhala kwa mkazi ndipo ulemu wake umachokera pa khasu ndi pa nkhokwe, kusowa zaka zitatu kapena zinayi si nkhani yamasewera. Dziko lathu linkawadziwa kale matchona, amuna opita ku Joni kapena ku Salisbury (lero ku Harare) osabwerera, osalemba. Msilikali wogona m'chipatala, amene makalata ake asiya kufika, ankadziwa dzina limene ayamba kumutchula kumudzi.

Nkhondo ya m'chigwa cha Kabaw itatha, gulu la ku East Africa lidabwezedwa ku India kukapuma ndi kukonzekanso, kumadera a Chas ndi Ranchi. Ajapani adagonja mu Ogasiti 1945, koma sitima zinali zochepa, ndipo ambiri adafika kwawo mu 1946. Pomasulidwa ankalandira ndalama yothokoza yowerengedwa pa mwezi uliwonse umene adatumikira. Msilikali wamba wachizungu ankawerengeredwa masheleni 10 pamwezi. Wachikuda wa udindo womwewo, amene adagona m'matope omwewo ndi kulumidwa ndi nthata zomwezo, ankawerengeredwa masheleni atatu ndi theka. Ena adabwera ndi makina osokera kapena njinga, nayamba moyo watsopano. Ena adabwera ndi ndodo, chifuwa chosatha, kapena tulo todzidzimuka. Amenewa kudwazika kumene adakusowa ku India adakupeza kumudzi, pa mphasa, m'manja mwa akazi ndi alongo amene sadalandire mendulo kapena sheleni. Owerengeka adakathera ukalamba wawo kunyumba za asilikali akale ku Zomba, ndipo ndi amene tinkawaona mu Novembala atavala mamendulo pa tsiku lokumbukira ankhondo.

Palinso amene sadatuluke m'wodi. Pafupi ndi Comilla, kumene tsopano ndi ku Bangladesh, pali manda a Maynamati. Nkhondo isadayambe padali kamudzi kakang'ono, koma padamangidwa msasa waukulu wa asilikali ndi zipatala zingapo, ndipo ambiri mwa anthu oposa 700 ogona pamenepo adamwalirira m'zipatala zimenezo. Pakati pawo pali asilikali a ku East Africa ndi a ku West Africa. Ena a KAR adaikidwa ku Taukkyan, kunja kwa mzinda wa Yangon, ndipo amene matupi awo sadapezeke mayina awo adazokotedwa pa zipilala za pamalo omwewo. Udzu wake umatchetchedwa bwino, miyala ili m'mizere yowongoka, pamwala pali nambala, udindo, dzina ndi tsiku. Dzinalo nthawi zambiri lidalembedwa monga adalimvera kalaliki wolemba anthu usilikali.

Kumudzi uthenga unkafika kudzera kuboma, kuchoka apo kwa mfumu, mwina patapita miyezi. Anthu ankasonkhana, amayi nkulira m'nyumba, amuna nkukhala panja. Adzukulu sankakumba, chifukwa panalibe woti amuike.